Maso a Atate

Chama Boma,
14 Ogasiti 1997.

Okondedwa achimwene Ackim,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka pamodzi ndi alamu. Ine ndili bwino, ndipo ndili ndi nkhani yoti musaseke mpaka mumalize kuwerenga.

Mukukumbuka ba Beatrice, aja a ku Ndola amene ndimakhala nawo kuno? Ku ofesi kwawo kunabwera kompyuta. Amaifunditsa chitenge chifukwa cha fumbi, ndipo olowa m'chipindacho amavula nsapato. Magetsi akakhalapo ba Beatrice amandiphunzitsa, manje ndimalemba osayang'ana zala. Akuti opareta, odziwa kugwiritsa ntchito makinawa, ndi ochepa, mabanki ndi maofesi akuwafuna, ndipite ku Lusaka ndikachite kosi.

Nditawalembera atate, anabwera okha pa njinga kuchokera kwathu ku Kambombo kudzakana, natipeza ku ofesiko. Anamva kutchalitchi kuti makinawa amadya maso.

"Anga anatha kale," anatero. "Ako akathanso, nyumba yathu idzaona ndi chiyani?"

Koma ba Beatrice anati, "Atate, lowani mudzaione."

Atate anavula nsapato, nakhala pampando, nati, "Iyambe kudya anga. Tryness, tuluka."

Achimwene, anakhala m'mawa wonse atatong'ola maso pagalasi la kompyutayo! Ine ndinkasuzumira pawindo. Misozi yawo ili chuchuchu, koma osaphethira. Mesenjala atawapatsa tiyi, atate anati, "Chotsa, ndili pa ntchito."

Masana anatuluka, nayang'ana mtengo wa mango, nayang'ana njinga yawo, kenaka ine.

"Ndikukuona mwachimbuuzi ngati dzulo. Sichinachotsepo kanthu. Chinthu chaulesi ichi, pita ukachilamule."

Ba Beatrice anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinalira pamaso pa anthu.

Manje pempho langa ndi ili: mundifunsireko sukulu yabwino, komanso kwa alamu ngati pangapezeke pogona, ngakhale kukhitchini. Atate akuti akagulitsa mpunga andiperekeza okha pa basi.

Amama akupereka moni. Atate akuuza Kambombo yense kuti anayang'anizana ndi kompyuta ndipo inayamba ndiyo kuzima. Musawauze kuti anali magetsi amene anathima.

Chinanso, mukamawalembera makalata muzilemba zilembo zazikulu. Ndikachoka, wowawerengera adzakhala Chance, mwana wotsiriza kwathu uja, ndipo ali mu giredi folo. Ndikapita kumudzi ndimamuphunzitsa kuwerenga pang'onopang'ono, chifukwa atate amakonda kumva dzina lanu kawiri.

Ndine mlongo wanu,
Tryness