Eni Zipinda Abwerako ku Mbenji

Lachinayi, 28 Novembala

Che Abbas abwera. Miyezi yonseyi ndimangowamvera dzina, lero ndawapeza atakhala pakhomo langa akudya mango. Pakhomo pawo, ndizolowere kutero.

Polowa m'chipindachi mu Epulo, achemwali awo a Tausi anandiuza bwinobwino: "Ukhala mpaka mwini wake atabwera, ali ku Mbenji." Ine kungogwedeza mutu. Kwathu ku Chinguluwe akati mwini wake ali kutali timaganiza za a ku Joni, opita zaka osatembenuka. Boma ndi limodzi lomweli la Salima, koma za m'madzi ndine mbuli. Sindinkadziwa kuti mvula ikayamba chilumba cha Mbenjicho amachitseka kuti nsomba ziswane, asodzi onse n'kubwerera kumtunda ngati ana otsekera sukulu. Safunsa anadya phula. Ndadya.

Si ine ndekha. Hositelo ya pakoleji ndi ya a chaka choyamba okha, ena tonse timadzionera, ndipo zipinda zotchipa kuno ku Senga Bay ndi za asodzi. Akuti zaka zina teremu inkatha iwo asanabwere. Chaka chino tinatsegulira mochedwa, mayeso akutha pa 20.

Bamboyo ulemu wake wondichititsa manyazi. "Gonani lero achemwali, ine ndikakanikizana ndi anzanga. Koma mawa mundithandize." Bola akanandilalatira, ndikanapeza poyankhira.

Loweruka, 30 Novembala

Matilesi ndi mbaula ndasungitsa kwa a Tausi. Ndatsala ndi chikwama.

Dzulo tinakumana ndi Madamu Kettie, aphunzitsi athu a kasamalidwe ka zipinda za alendo, omwenso amaona za mavuto athu. Ine ngati wapampando wa komiti ya ophunzira ndinaimirira kuyankhula. Anandisankhira pakamwa pangapa, palibe china. Madamu atafunsa kuti osowa pogona ndi angati ndinati asanu. Tili asanu ndi mmodzi. Lilime linangodumpha lokha, ndipo palibe anatembenuka kundiyang'ana.

Lero khomo ndi khomo, dzuwa lili pamutu. Kulikonse kwadzaza. Amuna abwera, makoka ayanikidwa pamipanda, wailesi zikulira, ana avala zatsopano. Mudzi wonse uli pa chisangalalo, ine ndikuyendamo ndi nkhope ya wopempha. Awiri mwa asanu aja, Brian ndi mnzake, ndawapezera kwa mkulu wa mpingo kuseri kwa chigayo. Phokoso lilipo koma denga silidontha.

Ine ndikugona m'chipinda chophunzirira. Kiyi ndimasunga ndine. Anachikonza ngati cha mu loji: bedi lalikulu, nsalu zoyera, mapilo anayi, makatani. Mpopi wa pasinki ndi wongoonetsera, sutulutsa madzi. Wopezeka atagona m'kalasi amachotsedwa sukulu, lamulo limenelo ndinaliwerenga ndekha pamaso pa a chaka choyamba.

Lolemba, 2 Disembala

Masiku awiri oyamba ndinagona pansi, kuliopa bedi. Simenti inandiphunzitsa nzeru. Tsopano ndimagona pamwamba, m'mbali mwenimweni, osatembenuka, kenako m'mawa n'kuliyala mwatsopano.

Madamu analowa ndi kalasi yonse, nayendetsa chikhato pansalu. "Mwaona ngodya izi? Amene wayala apa ntchito waipeza kale." Anzanga kundiombera m'manja.

Amayi anaimba masana. Ali kalikiliki ndi nazale ya mpunga, akudandaula msana. "Kunyumbako kuli bwino?" Ndati kuli bwino. Ndikanena zoona mawa lomwe atuma malume ndi njinga kudzanditenga, mayeso osalemba, zaka ziwiri kulowa m'madzi.

Kusamba, kubafa ya hositelo, kudzionetsa ngati ndabwera kudzacheza. Sopo watsala kachidutswa.

Lachitatu, 4 Disembala

Onse asanu ali ndi pogona. Maggie, mnzanga wa pamtima, ndi atsikana awiri ndawalowetsa kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Atatu pamphasa imodzi, Maggie wathamangira pakati, akuti kugona pakati n'kuyambirira. Anandikumbatira nati, "Iwe Salome uli ndi mwayi, landilodi wako sanakuvute." Ndinati eya.

Ndinadikira kuti afunsenso. Funso limodzi lokha ndikanamasuka. Iye anayamba za mayeso a Lolemba.

Ndakwiya naye tsiku lonse, chonsecho wonama ndine. Mtima wa munthu!

Chipinda chopanda munthu chilipo chimodzi m'mudzi monse, aliyense akuchidziwa, palibe akuchitchula mokweza. Kwa mayi Hajara, oyanika usipa, kufupi ndi mzikiti. Ndi cha mwana wawo Omari. Boti yawo inagubuduzika ndi mwera mu Julaye chakufupi ndi Mbenji, anzake anapulumuka, iye sanapezeke mpaka lero. A Tausi akuti tsiku limene asodzi ankabwerera mayiyo anakaima pagombe mpaka boti yomaliza itakocheza, kuyang'ana aliyense wotsika. Ndinamutchulira Maggie dzana, anachita kulumpha. "M'chipinda cha munthu wosaikidwa? Bola pamphasa."

Ndiye kuti zipinda zonse eni ake abwera. Chatsala ndi cha amene sanabwere.

Lachinayi, 5 Disembala

Ndinapita. Mayi Hajara ndinawapeza pathandala akutembenuza usipa, mayi wamfupi, mpango wakuda, maso ofiira ndi utsi kapena ndi zina. Ndinapereka moni wa salamu monga ndimamvera anthu akuno, anayankha osandiyang'ana.

Ndinayamba monga ndayambira makomo onse: ndine wa komiti, tikufunira malo ophunzira. Kenako m'malo moti "ine" pakamwa panatuluka "mtsikana wina". Wofatsa, ndinatero, wosayenda usiku, wodziwa ntchito za pakhomo, kwawo ndi kumunda. Ndinamuyamikira mtsikanayo mpaka ine ndemwe kumusirira.

Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu kundithera. Kenako: "Chipindacho chili ndi mwini wake." Ndinati ndamva, pepani. Iwo: "Wamva chiyani? Anthu amene amva ndi ambiri, amene anaona palibe." Apa ndinayankha mothamanga, mwa chizolowezi changa, kuti chipinda chokhala chotseka chimangodyedwa ndi chiswe. Anandiyang'ana koyamba. "Pakamwa pako mpakuthwa, mwanawe."

Ndinatsanzika ndi manyazi. Ndili pampanda anandiitana. "Mtsikana wakoyo abwere ndimuone. Sindilonjeza kanthu. Munthu wosamuona sindingamuike m'nyumba."

Ndiye ndikamutenge kuti wofatsayo?

Lamulungu, 8 Disembala

Sindinapiteko. Lachisanu ndinafika mpaka pamzikiti n'kubwerera.

Pakoleji zii. A hositelo apita kutchalitchi, ena kugombe. Ine ndadzitsekera, makatani otseka kuopa alonda. Kutentha ngati mu uvuni. Ndadya mabanzi awiri ndi madzi a m'botolo, nyenyeswa ndatola imodziimodzi. Ndawerenga za kalandiridwe ka alendo: mlendo akafika umwetulire, umutchule dzina, umufunse ngati wayenda bwino. Ndinayeserera pagalasi. Mawu anga anandidzidzimutsa, kuyambira dzulo m'mawa ndinali ndisanayankhule ndi munthu.

Maggie watumiza chithunzi, atatu aja akukazinga zitumbuwa ndi landilodi wawo, onse mano pamtunda. Ndayankha ndi kamtima.

Ndasowa amayi. Ndasowa ngakhale mbuzi za a Tausi zimene zinkandidyera sopo. Ndikungofuna munthu woti ndikachedwa azifunsa kuti ali kuti.

Koma kukaima pamaso pa mayi uja n'kunena kuti ndinakunamizani, wosowa pogonayo ndine, ndipatseni chipinda cha mwana wanu. Ayi.

Lachiwiri, 10 Disembala

Ndagwidwa.

Mayeso oyala bedi anali lero, Madamu analawirira kudzakonza chipinda, ndi kiyi wawo. Anandipeza ndikupinda chitenje, chikwama chili pansi pa bedi, mswachi uli m'kapu ya alendo. Sanakuwe. Anatseka chitseko nakhala pampando.

"Kuyambira liti?" Ndinawauza. "Unati asanu." Kenako: "Iwe ukuyesa kupempha ndi matenda a anthu ena okha?"

Ndinalira, kulira konyansa, kwa mamina. Anandipatsa kansalu kopukutira matambula.

Akuti iwo sanena, koma alonda ayamba kale kunong'ona kuti m'chipindamo mumamveka munthu, ndipo zikafika kwa akuluakulu mayeso otsalawo sindilemba. Kwawo sangandisunge, akukhala ndi apongozi odwala ndi ana anayi m'zipinda ziwiri. Andipatsa mpaka Lachinayi, kiyi ndibweze. Anafuna kuitana kalasi kuti tithandizane maganizo, ndinawagwira mkono. Ndati malo ndili nawo, kwangotsala kukaonekera.

Bedi ndayala bwino kuposa onse. Ndizidabwa?

Lachitatu, 11 Disembala

Mvula tsiku lonse. Ndinamuuza Maggie. Anayamba wandimenya paphewa, kenako kulira, kenako akuti tikhale anayi pamphasa. Landilodi wawo wakana, akuti nyumba yake si minibasi.

Mawa.

Lachinayi, 12 Disembala

Kiyi ndinabweza m'mawa. Ndinayenda wapansi, chikwama kumsana, matope mpaka m'akakolo. Wakabaza wina kundikuwira, "Sisteri, ulendo wa kumudzi?" Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuyankha.

Mayi Hajara anali pakhonde, usipa ataunjika m'nyumba chifukwa cha mvula. Anayang'ana ine, nayang'ana kumbuyo kwanga, kunjira. "Ali kuti?"

Ndinatula chikwama. Mawu onse amene ndinakonza usiku anathawa. Ndinangoti, "Ndine, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako, "Wofatsa uja ndiwe?" Ndinati ndinawonjezera pang'ono. Anatulutsa kamphepo m'mphuno, kaya n'kuseka. "Sabata yathunthu ndikuyang'ana kunjira. Ndimati nayenso sabwera."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi kiyi womangidwa pa kachingwe ka ukonde. Tinazungulira kuseri. Chitseko chobiriwira, loko wadzimbiri, mavu amanga pamwamba. Anafika pafupi, naima. Anandipatsa kiyiyo.

"Tsegula ndiwe. Ine chitsekereni iye mu Epulo sindinalowemo."

Loko anavuta, ndinachita kumuthira mafuta a nyale. Mkati fungo la chinyontho. Bedi la thabwa, bulangete lopindidwa mwachinyamata, kungoliponya. Malaya awiri pamsomali, kofia yoyera, nsapato za mpira zili ndi mchenga wake. Ndinaima pakati osadziwa chogwira.

Iwo ali panja, msana ku chitseko, anayamba kufunsa. Denga ladontha? Ndati pakona pokha. Chiswe? Ndati chayamba pa mwendo wa bedi, ndichotsa. Zenera likutseguka? Ndinalikankha, linatseguka.

Ndinafunsa kuti zovalazi ndiike pati, ndikuganiza kuti anena kuti ndisakhudze, mwini wake adzazifuna. Ndinali wokonzeka kugona nazo momwemo. Ndinamva akunong'ona mawu a Chiarabu aja amene anthu akuno amanena akamva za maliro. A Tausi anandiuza kuti chichitikireni ngozi mayiwa anakana kuwatchula, anakananso kuti anthu asonkhane pakhomo.

Kenako anati, "Zipinde bwino, mwaphunzira kupinda kusukulu kwanuko. Undipatsire pazenera. Mawa ndi Lachisanu, ndikawauza a shehe."

Ndapinda. Sindinapindepo chovala mosamala chotero, ngakhale pamayeso. Ndawapatsira chimodzichimodzi, iwo akulandira ndi manja awiri. Kofia ndiyo anaigwira nthawi yaitali.

Za lendi akana kukamba lero. Akuti ndikatenge matilesi kwa a Tausi mvula isanayambenso, ndipo ndisachedwe, pakhomo pano salola munthu kufika mdima utagwa osanena kumene ali.

Ndakhala pa bedi la Omari kulemba izi. Iwo akadali pakhonde ndi malaya pamiyendo. Sindikudziwa ngati ndituluke ndikakhale nawo kapena ndiwasiye. Dzina langa sanandifunsebe.

Akuitana. Akuti, "Iwe wofatsa, bwera undithandize kulira, ndekha sindikutha."