Nyanja ya Pabalaza

Mchinji Boma
23 Okutobala 2024

Wokondedwa mwana wanga Timoteyo,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Durban pamodzi ndi mpongozi wanga Linda ndi ana. Usadabwe kulandira kalata yolemba pamanja pamene timalankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Ndaona kuti pa foni pakamwa panga pamathamangira kunena kuti zonse zili bwino ndisanaganize. Cholembera sichithamanga. Ndikamaliza ndijambula masambawa ndi kukutumizira, ndipo uwerenge onse usanaimbe.

Nsomba zinali 14. Lero m'mawa zatsala ziwiri. Bambo ako, amene mu Ogasiti ankadya masupuni 30 a phala, dzulo anadya atatu. Zinthu ziwirizi n'zogwirizana, ndipo wolakwa ndine.

Ndiyambira poyambira, ngakhale zina ukuzidziwa, kuti uone pamene ndinapatukira. Unafika pa 4 Meyi ndi thanki yagalasi ya malita 600 pa lole, itakulungidwa m'mabulangete. Anthu asanu ndi atatu ndi amene anailowetsa pabalaza, titagwetsa kaye felemu ya chitseko. Ine ndinakufunsa kuti bwanji osangogula wailesi ya kanema yaikulu. Unandiyankha kuti bambo ako anayendetsa thanki ya mafuta zaka 19 pa msewu wa ku Dar es Salaam, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi nkhani ya nyanja ya mchere, ya nsomba zamitundumitundu zimene ankaziona akamira pamodzi ndi asodzi podikira kuti lole idzaze. Unati popeza sitiroko yawalanda miyendo ndi mawu, ndipo kunyanjako sadzapitanso, nyanja ndiyo ibwere. Mumtima ndinadziuza kuti iwe Imelda, wabereka mwana.

Masiku 15 amene unakhala kuno ndinawalemba onse m'buku langa. Mchenga woyera matumba anayi, wotsukidwa kasanu ndi kawiri. Miyala makilogalamu 55. Mapampu atatu, nyale ziwiri, masola anayi padenga ndi mabatire awiri oti magetsi akazima madzi asaime. Makina osefera madzi kuseri kwa kabati, ndi madiramu awiri abuluu pambali pake. Unandiphunzitsa kusungunula mchere wako wa m'zidebe, uja unati si wa ndiwo: magalamu 35 pa lita iliyonse. Unandiphunzitsanso kudontheza madzi pa kachipangizo koyezera mchere ndi kusuzumira mpaka mzere utaima pa 35. Pochoka unandisiyira malamulo khumi ndi awiri pa pepala, ndipo unaseka kuti amayi anga ndiwo munthu yekhayo mu Mchinji muno amene angawasunge onse.

Ndinawasungadi. Milungu isanu ndi iwiri thanki inakhala ndi madzi, mchenga ndi miyala basi, monga unalamulira, kuti madziwo akhwime. Amayi a kumphakati ankabwera kudzaona odwala, n'kumayang'ana galasi lopanda kanthu, kenako n'kuyang'ana ine mwachisoni. Azakhali ako a Anasi atabwera kuchokera ku Ludzi anazungulira thanki yonse, anagogoda galasi, n'kunena kuti anzathu akuweta nkhuku, ife tikuweta miyala.

Pa 6 Julaye mnzako wa ku Lilongwe uja anabweretsa nsomba m'mabokosi kuchokera ku bwalo la ndege, ndipo pa 3 Ogasiti anabweretsa makorali asanu ndi anayi, tinyama tija tooneka ngati maluwa omera pa miyala, pamodzi ndi nkhono 20. Sabata yoyamba munalowa anthu 63 m'nyumba muno. Mwa iwo 41 anafunsa kuti tidzakazinga liti.

Koma zimene zinachitika kwa bambo ako sindinakuuze mokwanira, chifukwa ndinkaopa kuti ndikazitchula zithawa. Tsiku loyamba ndinakankhira mpando wawo pafupi ndi galasi. Anayang'ana kwa mphindi 50 osagwedezeka. Kenako anakweza dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kuyamba kuloza nsomba imodziimodzi. Ankawerenga, Timoteyo. Munthu amene kwa zaka 46 wakhala akundiseka kuti ndimawerenga ndi nyemba zomwe za mu mphika. Atafika pa yachikasu ija, yopyapyala ngati tsamba, anatulutsa mawu pakhosi, oyamba pa miyezi khumi ndi umodzi. Sanali mawu omveka, koma anali mawu. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi: m'mawa ndiwasambitse, ndiwaike pa galasi, awerenge mpaka 14, kenako atsegule pakamwa ndiwadyetse. Masupuni anakwera kuchoka pa 12 kufika pa 30. Lamba ndinamubwezera pa bowo lake lakale.

Pa 8 Seputembala kapampu kakang'ono kaja, kamene kankadzaza kokha madzi akatsika pa mzere, kanapsa. Sindinakuuze. Unali utangondiuza kuti Linda wagonekedwa m'chipatala, ndipo ndinati kanthu kakang'ono ngati aka ndingathe ndi manja. Kutentha kunali kutayamba. Ndinayeza n'kupeza kuti madzi akutsika malita asanu patsiku. Ndinatsegula pepala lako. Lamulo lachitatu limati: madzi olowa m'thanki ayezedwe kaye, akhale pa 35. Ndikudziwa tsopano kuti unkanena za madzi osinthira pa sabata. Ndikudziwanso tsopano kuti kapampu kaja kankakoka m'diramu ya madzi opanda mchere, osati ya mchere. Paipi yake sindinailondoleko ndi tsiku limodzi lomwe. Ine ndinkangoganiza kuti zamoyo za m'nyanja ya mchere madzi opanda mchere ndi poizoni kwa izo.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkasungunula magalamu 175 a mchere m'malita asanu, kudontheza pa kachipangizo, kuona 35, kulemba m'buku, n'kuthira. Ndowa iliyonse ndinaiyeza. Palibe ndi imodzi yomwe imene inalakwika. Koma thanki yeniyeniyo sindinaiyeze, poti ndinkati chimene chinali pa 35, n'kumalandira za pa 35 zokhazokha, chingasinthe bwanji? Nditaona kuti mchere wa m'chidebe ukutha msanga kuposa mmene unawerengera, ndinaleka kusintha madzi a pa sabata kuti ukwanire mpaka Disembala. Ndinadziona wanzeru.

Makorali anayamba kufumbata kumapeto kwa Seputembala. Ndinati ndi kutentha, ndinaika fani. Pa 2 Okutobala atatu anali atayera ngati mafupa. Nkhono zinayamba kugwa pa galasi, ziwiri, zinayi, kenako zonse. Pa 6 Okutobala inafa nsomba yoyamba, imodzi mwa zing'onozing'ono zabuluu zija. Linali Lamulungu. Unaimba madzulo ake n'kupempha kuti ndikuonetse thanki, ndipo ine ndinaima kutali, pakhomo la khitchini, n'kunena kuti netiweki ikuvuta. Lamulungu lotsatira ndinati batire yatha. Lamulungu lapitali sindinayankhe n'komwe. Amenewo ndi mabodza atatu amene ndinakunamiza iwe. Amene ndinanamiza bambo ako ndi ambiri.

M'mawa wa pa 7 anawerenga n'kuima pa 13. Anayambiranso. Anayambiranso kachitatu, kenako anandiyang'ana. Ndinati yabisala m'miyala. Anadikira kuti ituluke mpaka phala linazizira, ndipo anadya masupuni 19 chifukwa ndinawakakamiza. Mawa lake zinabisala ziwiri. Ndinkadzuka iwo asanadzuke, kuvuula zakufa ndi kaukonde, kukazikwirira pansi pa mpapaya, n'kubwera kudzawasambitsa ndi manja omwewo. Pofika pa 17 zinali zitatsala zisanu, ndipo bambo ako analeka kundiyang'ana akamaliza kuwerenga. Ankangotseka pakamwa.

Ndinayeza chilichonse chimene unandipatsa choyezera. Kutentha kwa madzi katatu patsiku. Timabotolo ta mankhwala osintha mtundu tija tonse. Ndinatsuka mapampu, ndinachepetsa chakudya, ndinaletsa kupopera mankhwala a udzudzu ndi kuyatsa mbaula pafupi ndi nyumba. Mchere wokha sindinaukayikire, chifukwa unali m'buku, 35, 35, 35, mizere 40 yotsatizana yolembedwa ndi dzanja langa.

Lachisanu pa 18 kunabweranso azakhali ako a Anasi kudzaona achimwene awo. Anandipeza nditangothira ndowa ya tsikulo. Anaona mchere umene unauma m'mphepete mwa galasi, anaukanda ndi chala, n'kufunsa kuti ndimathira chiyani. Ndinawafotokozera zonse, ndi manambala omwe, monga ndinkafotokozera ana a Sitandade 7. Iwo sanamvetsere mpaka kumapeto. Anaviika chala mu ndowa n'kulawa. Anaviika chala m'thanki n'kulawa, n'kulavulira pa chitenje chawo.

"Alamu," anatero, "ndiwo zikaphwera pamoto, mumathiramo madzi kapena mchere?"

Ndinayang'ana ndowa ija, ndipo iwo anapitiriza.

"Inetu sukulu ndinalekera Sitandade 2. Mwina kwa ophunzira mcherewo umauluka limodzi ndi nthunzi."

Anati akuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Ndinatenga kachipangizo, ndinadontheza madzi a m'thanki, ndinasuzumira. Mzere unaima pa 47.

Timoteyo, ndaphunzitsa zaka 34. Chaka chilichonse ndinkaika mbale ya madzi a mchere padzuwa kuseri kwa kalasi, ndipo pakatha masiku atatu ndinkaonetsa ana kuti madzi apita, mchere watsala. Ndinkakwapula amene alakwa funso limenelo pa mayeso. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuwerengera: masiku 40, magalamu 175 patsiku, makilogalamu asanu ndi awiri a mchere amene ndinawathira pa nsomba za bambo ako ndi dzanja langa, nditayeza bwinobwino. Ndikanakhala waulesi, ndikanangotunga madzi m'diramu iliyonse yapafupi osayeza, mwina zikanakhala ndi moyo. A Anasi ananditenga bukulo m'manja n'kuliika pamwamba pa kabati, anati alamu, ndi nsomba chabe izi, musadwale nazo. Kenako anayang'ana achimwene awo pa mpando paja, ndipo sanabwerezenso mawu amenewo.

A Anasi ankafuna kuti tithiremo ndowa khumi za madzi a pampopi nthawi yomweyo. Ndinakana. Lamulo lako lachisanu ndi chinayi limati chilichonse chisinthidwe pang'onopang'ono, ndipo ndinaopa kupha zotsalazo ndi changu. Tsiku lililonse ndikuchotsa malita 13 n'kubwezera osefedwa opanda mchere, kuwonjezera pa malita asanu aja amene amaphwera patsiku, ndipo mzere ukutsika ndi nambala imodzi patsiku. Lero uli pa 42. Ngakhale zili choncho, zitatu zafa chiyambire Lachisanu. Zatsala imodzi ya mizere yoyera ndi yachikasu ija. Yachikasuyo yaleka kudya, ikungoima pakona pafupi ndi pampu, ikupuma mofulumira. Kuti tifike pa 35 pakufunika masiku ena asanu ndi awiri. Sindikhulupirira kuti ili nawo.

Lamulungu, pobwera ku Misa, ndinawauza bambo ako zoona. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo monga sindinagwadirepo chikwatiwire, ndinati a Benedict, nsomba zanu sizinabisale. Zinafa, zili pansi pa mpapaya, ndipo ndazipha ndine ndi mchere. Ndinayembekeza kuti akwiya. Ndinkafuna kuti akwiye, chifukwa munthu wokwiya amadya. Iwo anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamanzere, anagwira nthawi yaitali, n'kundisisita ndi chala chachikulu ngati wodwalayo ndine. Kenako anakoka tayala la mpando ndi dzanja lomwelo mpaka mpando unatembenuka. Ndinaganiza kuti alakwitsa, ndinaubwezera ku galasi. Anautembenuzanso. Kuyambira Lamulungu amakhala atafulatira thanki, maso ali pa chitseko cha kumsewu. Galimoto ikaima panja amadzutsa mutu.

Lolemba kunabwera adokotala. Anawapima, anati thupi lauma, ndipo ngati sadya pofika kumapeto kwa sabata ino tiwagoneke kuti awaike paipi ya chakudya m'mphuno. Bambo ako anamva zonse. Anapukusa mutu kawiri, pang'onopang'ono, akuyang'ana adokotalawo m'maso. Ndimawadziwa bambo ako akapukusa choncho.

Ndikudziwa zimene uchite ukawerenga kalatayi. Uimbira mnzako wa ku Lilongwe, uyitanitsa nsomba zina ndi kapampu kena, undiuza kuti amayi musadandaule, aliyense amalakwitsa poyamba. Usatero. Thanki ikhoza kudzazidwanso, ndipo ulendo uno ndingaisunge bwino, koma woyang'ana m'galasimo palibe. Unatumiza nyanja chifukwa iwe sukanatha kukhala, ndipo kwa miyezi itatu inakuimirira. Ine ndaiwononga. Chimene bambo ako akudikira tsopano sichibwera m'bokosi.

Ndapempha ansembe kuti abwere Loweruka m'mawa kudzawadzoza mafuta a odwala. Azakhali ako abwerera ku Ludzi kukauza abale, ndipo abweranso mawa kudzakhala nafe. Sindikukuuza zimenezi kuti ndikuopseze. Ndikukuuza chifukwa ndatopa kuima kutali ndi foni.

Upereke moni kwa Linda, umuuze kuti ndikumupempherera kuti achire msanga, ndipo andikhululukire pokuchotsa pambali pake pa nthawi ngati ino. Upsompsone adzukulu anga onse atatu. Amayi a kumphakati akupereka moni. Azakhali ako akuti ukamabwera usanyamule kanthu kalikonse kofuna kudyetsedwa. Bambo ako ndinawauza kuti ndikulembera iwe, n'kuwafunsa ngati ndilembe kuti akupereka moni. Sanagwedeze mutu. Analoza chitseko.

Basi ya ku Joni imatenga masiku awiri, ndege tsiku limodzi. Kwera ndege.

Ndine mayi wako,
Imelda