Magolovesi aja atuluka ku kasitomu

Amayi,

Kwacha bwanji kumene muliko? Kuno ku Glasgow chisanu chaluma kale, koma lero ndadzuka mtima uli m'malo, ndiye ndati ndikuuzeni zimene zatichitikira.

Shopu ija tinkakuuzani muli m'chipatala tinaitsegula ku Partick, dera lina la mumzinda uno, timagulitsa zovala za nyengo yozizira. Chaka chino mkamwini wanu, bambo a Tamanda, anaitanitsa magolovesi achikopa kuchokera ku Pakistan, ovala anthu otsetsereka pa sinoo, chipale chofewa chija, m'mapiri a kumpoto kuno. Kalabu ina ya masewerowo inali italonjeza kugula ambiri. Zonse zimene tinasunga chibwerere kuno tinaziika m'makatoni amenewo.

Makatoniwo atafika padoko, a kasitomu anawagwira. Funso lawo linali lakuti magolovesiwa ndi amasewera kapena ndi wamba, ongofunditsa manja. Akuti mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, msonkho wakenso ndi wosiyana. Anafunsanso ngati ndi achikopa kapena ansalu, poti kumsana kwake kuli kachigamba ka nsalu. Ine ndinaseka, Amayi. Ndinati golovesi si golovesi basi?

Kuseka kunatha masabata atayamba kudutsa. A kalabu aja anaimba foni kuti sinoo akagwa katundu asanafike, akagula kwina. Bambo a Tamanda anayamba kubweza mbale chakudya chili momwemo. Tsiku lina tikutseka shopu anati, "Mayi a Tamanda, zikakanika tingobweza makiyi, ndibwerere kosamalira okalamba kuja." Mukudziwa mmene ntchito ija inawapwetekera msana.

Apo m'pamene ndinakukumbukirani muli pa boda ya Mwanza ndi mitolo yanu ya zitenje, ine nditakugwirani chikwama. Munkati, "Katundu alibe pakamwa, mwanawe, mwini wake ndiye amulankhulire." Ndinatenga peyala imodzi imene a ku fakitale ya ku Pakistan anatitumizira poyamba ngati sampulo, n'kupita nayo kwa mayi amene amatiyendetsera za kasitomu. Tinakhala pansi n'kuijambula mbali zonse: chikopa chokhuthala pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pogwirira ndodo yotsetserekera, mkono wake wautali womanga kuti sinoo asalowe, kachingwe ka padzanja koti isatayike munthu akagwa. Tinafotokozanso kuti chikhatho ndi zala zonse n'zachikopa. A ku fakitale nawo anatumiza umboni wawo.

Dzana yankho la a kasitomu linabwera. Avomereza kuti ndi achikopa, opangidwira masewera, ndipo msonkho wake ndi womwe uja tinakonzekera. Makatoni afika dzulo masana. Mkamwini wanu anatsegula limodzi, n'kuvala magolovesi manja onse awiri, n'kuyamba kuwomba m'manja pakati pa shopu ngati ali mu kwaya. Phokoso silinkamveka n'komwe, chikopa chokhachokha phu phu phu! Tamanda anangoti kukamwa yasa, kenako n'kuwafunsa m'Chingerezi chake cha kuno ngati mutu ukuyenda bwino. Chichewa amamva mdzukulu wanuyu, koma kuyankha ndiye ayi.

Nkhani ina yabwino ndi yakuti mng'ono wanga Lusungu wachira ku Easterhouse, konkuno ku Glasgow, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe. Akulu a mpingo anabwera kudzamuona, amayi a chigwirizano anaimba mpaka aneba kusuzumira pawindo.

Peyala imodzi yaing'ono sindinaiike pashelefu. Nditaigwira ndinaona manja anu aja ong'aluka ndi chisanu cha mu Juni, mukuyala malonda m'mamawa. Ikanakukwanani bwinobwino.

Katunduyu akagulitsidwa, chilimwe chikubwerachi tibwera tonse kudzamanga chiliza chanu. Tachedwa nacho, koma ulendo uno sindisintha mawu.

Pumulani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati