Kosi ya AI ndi kompyuta ya Tadala

Lachinayi, 14 Novembala. Kwazizira, koma tsiku layenda.

Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, amanijala anenanso kuti malipoti a okalambawo tizilemba mothandizidwa ndi AI, ija imalemba yokha ukaifunsa. M'basi yobwerera ku Braunstone, kumene timakhala, ndinakumana ndi a Mwale, nesi amene timapemphera limodzi. Ndinawaonetsa buku la AI limene mwana wanga Tadala anandibwerekera ku laibulale.

Anati, "Mayi a Tadala, ili lisiyeni kaye, ndi masamu okhaokha. Yambani kosi ya ongoyamba kumene, ya Loweruka pa intaneti. Amaphunzitsa kafunsidwe kake ndi kuigwira ikanama."

Ndalembetsa, shifiti ndasinthana ndi mnzanga. Koma kompyuta m'nyumba muno ndi imodzi, ya Tadala, ndipo mayeso ake ayandikira. Sindinamuuzebe. Mwina mawa akamapita kusukulu...