Makilo atatu a bwana Pilato

LOLEMBA

Cecilia, 10:12
a sista muli mopimira? bwana pilato ali pa khonde la kiliniki akuuza dalaivala wa ambulansi kuti achepetsa thupi la esiteti yonse ya tiyi ino

Malita, 10:15
kkkk yonse? ndi mathirakitala omwe?

Cecilia, 10:16
akuti masewero awo a m'mawa aja achotsa makilo 3 pa munthu aliyense. akuti kompyuta yanena yokha. amene ndimalemba mu kompyutamo ndine koma ine sinandiuze

Malita, 10:20
masewero amene kumabwera anthu 9?

Cecilia, 10:21
8. wa 9 ndi iwowo ndipo ntchito yawo ndi kuliza wezulo

Cecilia, 10:23
awonjezera kuti manambala akapezeka olakwa adzakwera sikelo pamaso pa anthu onse. dalaivala wamva, mlonda wamva. ndalemba tsiku ndi nthawi

Malita, 10:26
a pilato pa sikelo? zaka 7 ndili nesi pano sindinaonepo

Cecilia, 10:27
mu fayilo mwawo muli 74 kg chiyambire 2017. amalembamo okha. malamba ndiye asintha atatu

Cecilia, 14:41
sista kuseka kwandithera. ndatsegula mafayilo onse 612 amene tikutumiza lachisanu kwa a kafukufuku wa kunenepa aja. aliyense watsikadi 3

Cecilia, 14:43
othyola tiyi 3. a mu fakitale 3. a filipo a pa geti amene masewero awo ndi kukweza chitsulo chija, 3. amayi oyembekezera nawonso atsika

Malita, 14:50
oyembekezera??

Cecilia, 14:51
onse sabata imodzi, yachiwiri ya march. bp ndi shuga zili pomwe zinali

Cecilia, 14:53
vuto ndi ili. bwana akuti anthu 41 atsika pansi pa mzere wa kunenepa, ndiwachotse pa mndandanda wa obwera kudzapimidwa bp ndi shuga mwezi uliwonse

Malita, 14:54
mayi rosie alipo?

Cecilia, 14:54
nambala 17

Malita, 14:56
amene anagwa m'munda wa tiyi january yomweyi. ayi ndthu. amenewo tikawauza kuti ali bwino tidzawaonanso ali pa machira

Cecilia, 14:58
sindinachotse munthu. ndawauza kuti network yavuta. bodzali lindisunga mpaka lachitatu basi

LACHIWIRI

Malita, 07:05
achemwali ndakumbuka ndili pa kabaza. march sikelo yathu inafa. bwana anatuma kukabwereka ya ku shedi yopimira tiyi kwa a jailos, kapitawo uja. ndi imene tikupimira anthu mpaka lero

Cecilia, 07:09
yobiriwira ija. ndimadabwa kuti sikelo ya chipatala ikununkha masamba bwanji

Malita, 09:32
[uthenga wa mawu 0:31]
ndawapeza a jailos ku shedi. aseka mpaka akhala pansi. akuti sikelo imeneyo anaitchera kuti izichotsa yokha makilo atatu a dengu, kuti wothyola alipidwe za masamba okha. akuti pobwereka palibe anawafunsa, iwo amayesa tikupimira makatoni a mankhwala

Cecilia, 09:35
ndiye miyezi isanu takhala tikuchotsa dengu pa anthu opanda dengu

Cecilia, 09:48
ndaikapo chigubu cha madzi cha malita 5. yawerenga 2 kg. chigubunso chachita masewero

Malita, 09:50
kkkkk mundiphetsa, ndili ndi odwala pa mzere. tiwauza bwj?

Cecilia, 09:51
alowetseni mu gulu lathuli. zakumtundazi saziona eti?

Malita, 09:52
saziona

Malita walowetsa Pilato m'gulu

Cecilia, 09:55
mwadzuka bwanji bwana. sikelo ya ku shedi imachotsa makilo 3 a dengu. a jailos atsimikiza. chithunzi cha chigubu ndi icho

Cecilia, 09:55
[chithunzi]

Cecilia, 12:30
bwana mwaona uthenga uja?

Malita, 15:10
bwana foni ikuonetsa kuti mwawerenga

LACHITATU

Pilato, 08:02
[uthenga wa mawu 6:47]

Cecilia, 08:15
zkm bwana ndamvera wonse. za ubwino wa masewero ndagwirizana nazo. za nthawi imene munali ku koleji ndamvanso. za sikelo sindinazipeze, zili pa mphindi iti?

Pilato, 08:21
Mayi Cecilia, data imafuna munthu wodziwa kuitanthauzira. Chigubu si munthu.

Cecilia, 08:22
ndi zoona bwana. n'chifukwa chake ndakwerapo ndekha. kunyumba m'mawa uno 81, pano 78. mtunda wake ndi wa mphindi 10 ndipo ndinadya mandasi awiri pa njira

Pilato, 08:30
N'kutheka kuti ena achepadi pang'ono.

Cecilia, 08:33
alipo awiri. a janeti a ku sukulu ya mkaka atsika 5, kuchotsa dengu ndi 2 yeniyeni. amabwera ku masewero anu tsiku lililonse ndipo bp yawo yatsika. amenewo ndi anu bwana, palibe angakulandeni

Pilato, 08:34
Mwaona.

Cecilia, 08:35
winayo anadwala malungo

Malita, 08:40
bwana nkhani yanga ndi anthu 41 aja. mayi rosie bp yawo sabata yatha inali 168. sindingawauze kuti asiye kubwera chifukwa cha dengu

Pilato, 09:58
Ndinawauza kale a manijala za makilo atatu. Ndinawauzanso a kafukufuku pa foni.

Cecilia, 10:01
muwauze kuti kiliniki yathu yagwira cholakwika isanatumize mafayilo. zimenezo amazikonda kuposa zozizwitsa. pa kalata yake padzakhala dzina lanu, ine ndingotaipa

Pilato, 11:26
Musachotse aliyense pa mndandanda. Aitaneni onse 41 Lachisanu m'mawa tiwapimenso. A Jailos abwere akonze sikelo yawoyo. Ndinali nditayamba kale kuikayikira.

Cecilia, 11:27
tinaona bwana

Cecilia, 11:40
china chochepa. lolemba 10:23 pa khonde munalonjeza kanthu. dalaivala akufunsa kuti lachisanu abwere nthawi yanji

Malita, 13:05
bwana?

LACHISANU

Cecilia, 08:10
sista ndili ndekha mu ofesi ndikulemba zimene mukutumiza. kunjako kukumveka phokoso la chiyani?

Malita, 08:12
a jailos adina batani limodzi basi, dengu lachoka. anthu akukwera. aliyense wabwezeredwa 3 yake, ena akuti tawabera kkk

Malita, 08:47
mayi rosie 89, bp 160. ndawapatsa tsiku lobweranso. akufunsa ngati angayambe masewero a wezulo

Cecilia, 08:48
ndalemba. auzeni bwana kuti tsopano ali ndi anthu 9 enieni

Malita, 09:31
41 onse atha koma palibe akuchoka. dalaivala wabweretsa benchi. mlonda wasiya geti

Malita, 09:36
bwana atuluka. avula jekete. nsapato. wotchi. apereka makiyi ndi foni kwa a janeti. akufunsa a jailos ngati dengu lingabwezeretsedwe kamphindi

Cecilia, 09:37
a jailos akuti bwj

Malita, 09:37
akuti dengu ndi la othyola okha

Malita, 09:39
[uthenga wa mawu 0:12]
akwera! imvani m'manja momwe anthu akuombera. mayi rosie ndi amene awerenga mokweza, 96

Malita, 09:45
bwana ndawapimanso bp pomwepo. 152. aseka okha, akuti sikelo iyi ndiye yolondola chifukwa anaikonzetsa ndi iwo

Cecilia, 09:47
ndafufuta 74. mafayilo ndabwezeramo 3 ya aliyense, apita kwa a kafukufuku ku blantyre. pa mndandanda wa mwezi ndi mwezi 41 aja atsala, ndawonjezerapo wa 42

Pilato, 10:20
Mayi Cecilia, tsiku langa ndi liti?

Cecilia, 10:21
lachitatu loyamba la mwezi, 7:30, pambuyo pa mayi rosie. mubwere ndi buku lanu la kuchipatala bwana. cholembera musiye kunyumba