Thobwa la Amayi Pageti la Bwalo la Mpira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno kwa Dzoole tili bwino, ndipo mwendo wa abambo unasiya kutupa. Koma ine mtima ukundiwawabe.

Loweruka kwaya ya amayi athu inakaimba kubwalo lalikulu la mpira ku Lilongwe, ine n'kuwaperekeza. Mukuwadziwa amayi, sapita kwa eni chimanjamanja. Anatha masiku awiri akuphika thobwa loti akapatse amene anawaitana.

Pageti mlonda anati zigubu sizilowa, ati anthu a mpira amagenda nazo anzawo. Amayi athuwa angagende ndani? Anagwada pasimenti ndi yunifolomu yawo yoyera ija, nati, "Bambo, talawani kaye." Iye anangotsegula chigubucho n'kukhuthulira m'ngalande, anthu akuseka. Ndinamutukwana, achimwene, abusa akumva, ndipo sindikulapa. M'katimo tinapeza akugulitsa zakumwa za m'mabotolo.

Amayi anaima pamzere ndi anzawo, koma nyimbo zonse zinatha osatsegula pakamwa. Mpaka lero sanapitenso kukwaya.

Chonde muwaimbire foni Lamlungu. Za bwalolo musawafunse. Mungowauza kuti mukulakalaka thobwa lawo.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati