Kariboni ka Pakhoma la Pabalaza

New York,
9 Meyi 1989.

Okondedwa achemwali a Lorraine,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Bondo lija likuvutabe? Kuno tikungoti tilipo. Joanne ndi ana ali bwino, koma bambo akungofookerafookera. Adokotala akuti mtima watopa, za chaka cha mawa tisaziwerengere. Masitepe sakweranso, ndiye tsiku lonse amakhala pawindo n'kumanyoza zikwangwani za masitolo, ati analemba ndi anthu osadziwa kugwira bulashi.

Nkhani imene ndalemberayi bambo anandiletsa kukuuzani. Ndaisunga milungu itatu, yandikanika.

Mwezi watha kunabwera Mayi Feldman, a m'komiti yopereka mphoto kwa ojambula timabuku ta nthano zazithunzi. Akuti mphotozi zitayamba zinkangopita kwa amene mayina awo ankasindikizidwa, chonsecho akale ambiri ankajambula opanda dzina. Tsopano komiti ikuwafunafuna asanathe kumwalira. Kwa zaka zisanu ndi zitatu akhala akusaka munthu amene anajambula nthano zoopsa zoposa zana. Ankangomutcha Mwini Galu, chifukwa m'nthano iliyonse mumaoneka kagalu ka miyendo itatu pakona penapake.

Ananditsegulira tsamba limodzi patebulo. Achemwali, ndi Pepper. Khutu lopindika lija, mchira uja, Pepper wathu yemwe uja anagundidwa ndi galimoto ya mkaka. Ndiye kuti Lolemba lililonse bambo akamakwera sitima, amvekere ndikukapereka zithunzi zotsatsira mipando, m'chikwama munkakhala zimenezi.

Bambo anakana kwamtuwagalu. Anati zonyansa zotero sanazigwirepo, mayiwo asawatayitse nthawi. Koma chala chawo chinali chikuyenda patsambapo, mpaka chinaima pa dzanja la munthu wina wojambulidwa. Anang'ung'udza kuti chala chachikuluchi chinalakwika chifukwa sitima inali pafupi kunyamuka. Mayi Feldman anangovula magalasi n'kuyamba kupukuta.

Lamulo la komiti n'lakuti munthu akakhala kuti ali moyo avomere yekha, asaine. Akapanda kusaina pofika pa 15 Juni, mphoto ipita kwa wina, ndipo bambo adzaikidwa m'manda ngati wolemba zikwangwani chabe.

Mlendoyo atapita ndinawapanikiza, ndipo anangoti Lorraine asamve. Mukukumbukira chaka cha 1954, kusukulu atalengeza kuti timabukuti tikuononga ana, tisonkhanitsidwe tiotchedwe pabwalo? Inu munali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Munazungulira tauni yonse ndi kangolo kanga, ndipo munapezanso katoni yodzaza m'galaja mwathu. Mutawafunsa bambo, anati tenga mwanawe, n'za mwana wa aneba. Munaposa onse, anakupatsani mphoto ya kariboni kabuluu ndi mwayi woyatsa moto. Ine ndinali pamapewa pawo, ndikuomba m'manja. M'katonimo munali ntchito yawo ya zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chotsatira kampani ya timabukuto inatsekedwa, iwo n'kuyamba zikwangwani.

Akuti sanakuonenipo wokondwa ngati tsiku limenelo, ngakhale pa ukwati wanu, ndipo sangakulandeni tsikulo chifukwa cha kachitsulo koika pashelefu. Ndinawauza kuti ndinu munthu wamkulu, agogo a ana awiri, simungasweke. Anandiyankha kuti ndine mbuzi, mutu ndinatengera kwa amalume a Ray.

Ndayesa zonse. Joanne anawaphikira supu ya kabichi ija amakonda n'kuwaikira pepala loti asaine pambali pa mbale. Supu anamwa, pepala anapukutira supuni. Mayi Feldman aimba foni kawiri, bambo amvekere muwauze ndafa kale. Ine ndinafika poganiza zosaina ndekha, koma dzanja lawo aliyense angalizindikire, ndipo ndikanakhala ndawanamizira. Ndasowa pogwira, achemwali. Dzulo bambo ndinawapeza akujambula pa envelopu ya kuchipatala, atandiona anaikhalira.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani tsiku lija lisanakwane, muwauze nokha kuti mwadziwa, asaine. Pafoni ayi, adzangodula. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani chinthu chimene iwo akhala akukubisirani zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo mwina mudana nane. Sindikudziwanso ngati mtima wawo upirire akamva kuti ndaulula. Ndikatonthola afa opanda dzina, ndikalankhula ndawathyola msana. Kalatayi ndaing'amba kawiri, iyi ndi yachitatu.

Kariboni kaja kadakali pakhoma la pabalaza panu? Ndikudziwa kuti mukamaliza kuwerenga muthamangira kukachotsa. Chonde musatero. Felemu yake ija bambo anapanga okha sabata yomweyo, ndi matabwa a tebulo lawo lojambulira. Nditawapempha komaliza Lamulungu kuti asaine, anandiuza kuti m'banja mwathu mphoto ya timabuku ilipo kale, ndipo imodzi ikukwana.

Mundiperekere moni kwa alamu a Stan, kwa azakhali a Irene, kwa Carol ndi ana ake. Musawauze kanthu kufikira titaonana.

Ndine mlongo wanu wosowa chochita,
Russell.